Alamu Anga Anathawa Benoni

Mkazi wanga amakonza masofa. Shopu yake ili kuseri kwa malo ogulitsira matayala, chipinda chimodzi chodzaza siponji mpaka kudenga. Mukamupeza pa ntchito musayembekezere moni wabwino, chifukwa timisomali amatisunga m'kamwa. Amatulutsa kamodzi ndi lilime, n'kukhoma, n'kutulutsa kena. Anthu a mumsewu wathu amangoti mayi wa masofa. Koma osewera tchesi amamutchula kuti Mayi Benoni, ndipo nkhani ya dzina limeneli ndikaiyamba, mtima wanga umawira ngati zachitika dzulo.

Ine ndine dalaivala wa lole yonyamula zakumwa. Amene anandiphunzitsa chiwongolero ndi alamu anga, mchimwene wake wa mkazi wangayu, mphunzitsi wamkulu pa sukulu yoyendetsa galimoto. Kumeneko ndi kumene ndinamuonera mkaziyu koyamba, atabwera kudzayeza mipando ya galimoto ya sukuluyo imene inang'ambika. Choncho alamu ndimawapatsa ulemu wawo. Ndi munthu wa malaya omanga mpaka batani la pakhosi, ndipo phazi lawo silitalikira buleki. Mwambi wawo ndi umodzi: kuona maso a nkhono n'kudekha. Amaunena m'galimoto, amaunena pa msonkhano wa banja, amaunena ngakhale podikira tiyi kuti azizire.

Bambo awo anali telala wokonda tchesi. Anaphunzitsa mwana wamwamuna. Wamkaziyo sanamuphunzitse ayi, anangomukhazika mbali inayo ya bolodi kuti mchimwene wake apeze womumenya. Poti alamu ndiwo anali aakulu, ankatenga zoyera nthawi zonse, zimene zimayamba kuyenda, ndipo ankayamba ndi poni ya kutsogolo kwa kwini. Kenako ankafinya pang'onopang'ono.

"Kugonja sikunkandipweteka," amatero mkazi wanga. "Chinkandipweteka n'kafinyidwe kake. Akukutsekera zitseko chimodzichimodzi, iwe uli m'katimo ukupumira pakamwa, iwo akuimba kamluzu. Ndikagonja, bambo osandiuza n'komwe pamene ndalakwitsa. Ankangoti, konzanso bolodi, mchimwene wako ayesenso."

Atakula anaisiya tchesi. Tinakwatirana, ana anabwera, shopu inamudyera nthawi yonse. Amene anamubwezera ku bolodi ndi alamu omwewo. Anali atatsegula kalabu ya tchesi imene inkakumana Loweruka masana m'kalasi ya pa sukulu yawo ija, ndipo anthu ankaperewera, wina ankasowa mnzake wosewera naye.

"Bwera udzakwaniritse nambala," anatero pa foni. Mawu ake anali amenewo. Ndinawamva ndekha.

Anapita. Anamukhazika moyang'anana ndi mchimwene wake, anamupatsa zakuda, ndipo alamu anakankha poni ya kwini ija ngati kale. Anakankhanso ina pambali pake. Mkazi wanga akuti anamva thukuta la ubwana likubwerera m'khwapa. M'malo modzitchinjiriza monga ankachitira kale, anatenga poni yake ya cham'mbali n'kuiponya kutsogolo kuti ikalume poni ya kwini ija. Sanaganize. Unali mkwiyo basi.

M'kalabumo munali mkulu wina wopuma pa ntchito ya ku positi, aliyense ankangoti a Positi. Anasuzumira pa bolodi n'kuseka.

"Mayi, mukudziwa chimene mwayambachi? Chili ndi dzina. Ndi Benoni imeneyi. Imaseweredwa ndi anthu osaopa kufa."

Tsiku limenelo anagonja, ndipo alamu pomuperekeza pakhomo anati, "Yendani bwino, Mayi Benoni." Anthu anaseka. Dzinalo linayamba ngati chitonzo.

Koma mkazi wanga ndi munthu woti ukamuseka pa chinthu, chinthucho amachikumba mpaka mizu. Mwana wathu wamkazi anamuikira tchesi pa foni n'kumuonetsa mavidiyo a akatswiri. Foniyo ankaiimika pa mulu wa siponji, manja akukoka nsalu, maso akuba pang'ono pa foni. Pakhomo pathu nkhani inasanduka imeneyo. Ine amene sindinkasiyanitsa bishopu ndi hatchi ndinafika poidziwa Benoni ngati msewu wopita ku ntchito.

Imayenda chonchi. Wa zakuda akaluma poni ya kwini kuchokera m'mbali, wa zoyera amaikankhira poniyo kutsogolo, n'kulanda malo aakulu pakati pa bolodi. Wa zakuda amatsala wopanikizika, ngati banja lalikulu m'chipinda chimodzi. Koma amakhala ndi zinthu ziwiri. Bishopu wake amakabisala pakona pafupi ndi mfumu, n'kumayang'ana chopingasa mpaka tsidya lina la bolodi. Ndipo maponi ake a mbali ya kwini amakhala ochuluka, okonzeka kuthamanga. Wa zoyera akachedwa, maponi aja amamulowera m'nyumba. Wa zakuda akaphonya kamodzi, maponi a pakati aja amamugumulira khoma pamutu. Kulepherana kumachitika mwa apo ndi apo. Kawirikawiri wina amatuluka atanyamulidwa.

Mkazi wanga ankawina mochititsa kaso, ankagonjanso mochititsa manyazi. Loweruka lina ankabwera akuimba, lina ankabwera osayankhula ndi munthu, n'kukalipira mphaka. Koma mwezi ndi mwezi zowina zinkachuluka. Ndiye linafika tsiku limene anagonjetsa mchimwene wake, koyamba chibadwire. A Positi anandiuza kuti alamu anakhala nthawi yaitali ali tuzu pa bolodi, kenako anati, "Mwayi." Atawagonjetsa kachiwiri anati mutu unkawapweteka. Kachitatu anangopita kukayang'ana matayala a galimoto ya sukulu.

Mipando ya m'kalasimo inali ya matabwa, yong'aluka, yotsina. Alamu anati, "Chemwali, iwe uli ndi zotsala ku shopu kwako, tathandiza kalabu." Mkazi wanga sanatenge zotsala. Anatenga siponji yabwino ndi nsalu yofiirira yolimba, anagwira ntchito Lamlungu lake lopuma, n'kukuta mipando yonse. Anthu ankakhala ngati ali mu ofesi ya bwana. Zikomo wake anali wa pakamwa, ndipo iye sanafune zoposa pamenepo.

Chimene ankafuna chinali chimodzi. Chaka chilichonse kalabu inkatumiza anthu anayi kukapikisana ndi makalabu a m'mizinda ina. Osankha anali alamu okha. Chaka choyamba anamusiya, anati akadali watsopano. Chaka chachiwiri anamusiyanso.

"Timu si malo oyeserapo ngozi," anatero pamaso pa onse. "Kasewero ka mlongo wangayu n'kofanana ndi dalaivala wodutsa pa loboti yofiira. Lero wapulumuka, mawa wapha anthu. Ine ndimafuna anthu odekha."

M'malo mwake ankatenga mnzawo wa ponda apa m'pondepo, bambo wina wogulitsa mankhwala ku famase, amene mkazi wanga ankamumenya ngati ng'oma. A Positi ndiwo anadzuka n'kunena kuti zokondera zatikwana, chaka chino tipikisane, anayi apamwamba apite. Anthu anawomba m'manja, alamu anasowa pothawira, anavomera.

Mpikisano unayenda Loweruka ndi Loweruka. Pofika gemu yomaliza zinthu zinaima motere. Alamu anali atalowa kale mu timu, kaya awine kaya agonje. Malo omaliza ankalimbirana mkazi wanga ndi bambo wa ku famase. Mkazi wanga akawina gemu yomaliza, malowo ndi ake. Akalepherana kapena kugonja, apita wa ku famase. Ndipo gemu yomalizayo inali ya iye ndi mchimwene wake, alamu ali ndi zoyera. Amene ankakonza zoti uyu akumane ndi uyu pa kompyuta anali wa ku famase yemweyo. Umboni ndilibe, koma ine si mwana.

Lachisanu masana ndinaimika lole pafupi ndi shopu kuti ndimwe madzi. Ndinapeza alamu atakhala pa sofa ya kasitomala, chipewa chili pa bondo.

"Ndabwera ngati mkulu wako," ankatero. "Mawa tisachititsane manyazi pa anthu. Tisewere pang'ono, tigwirane chanza, tilepherane mwaulemu. Chaka chamawa ndidzakuganizira."

Mkazi wanga analavulira timisomali m'dzanja.

"Mudzandiganizira?"

"Komanso taganiza. Timu ikakagona kumeneko masiku angapo, amuna okhaokha. Alamu angawa angalole zimenezo?" Anatembenukira kwa ine akumwetulira, kuyembekezera kuti ndiwathandiza.

"Ine ndinalola kalekale, alamu," ndinatero. "Chikwama ndamugulira kale."

Kumwetulira kuja kunazima. Mkazi wanga analoza khomo ndi hamala.

"Achimwene, sofa mwakhalirayo mwini wake akubwera. Tionana mawa pa bolodi."

Loweruka ndinapita nawo. Kalasiyo ndimaidziwa bwino, ndinaphunziramo. M'makoma muli zikwangwani za pamsewu: ima, khota kumanja, chenjera ndi ana a sukulu. Tebulo lophunzitsira lojambulidwa misewu, la tigalimoto tamatabwa, anali atalikankhira pakona. Kunkatentha, fani ikungozungulira osabweretsa mphepo. Anthu anamaliza magemu awo mothamanga kuti adzaone iyi.

Alamu anakankha poni ya kwini. Mkazi wanga anatulutsa hatchi. Alamu anakankha poni yachiwiri. Mkazi wanga anaponya poni yake ija, phaa, n'kudina wotchi yowerengera nthawi ya gemu. Onse tinkadziwa chotsatira: alamu akankhe poni ya kwini kutsogolo, nkhondo iyambe. Ndi mmene ankachitira nthawi zonse, ndi mmenenso ankaphunzitsira ena kuti Benoni imalangidwa choncho.

Dzanja lawo linapita pamwamba pa poniyo. Linaima m'malere. Kenako linakhotera pambali, n'kukankha kaponi ka kutsogolo kwa mfumu kasitepe kamodzi, kongochirikiza inzake.

Anthu anayang'anana. Ngakhale ine ndinamva tanthauzo lake. Popanda kukankha poni ija, Benoni palibe. Alamu anali atakana ndewu.

"Achimwene," anatero mkazi wanga motsitsa mawu, "kankhani poniyo."

"Pa gemu sitiyankhula, chemwali."

"Zaka zonsezi mwakhala mukuuza anthu kuti kasewero kanga n'kabodza. Lero ndi tsiku loti muonetse. Kankhani."

"Ukayankhulanso ndikulanda gemu. Malamulo ukuwadziwa."

Woweruza wa mpikisanowo analinso iwo omwewo.

Zimene zinatsatira zinali zowawa kuonera. Chilichonse chimene mkazi wanga ankatulutsa, alamu ankachisinthanitsa ndi chawo. Bishopu wake wa pakona uja, amene ankamukonda ngati mwana, anamuchotsa pomupatsa wawo. Sankafuna kuwina. Ankangopukuta bolodi kuti pasatsale chomenyera, gemu ithere polepherana, mnzawo akwere basi ya timu. Ndipo anayamba kakamluzu kaja, kapansipansi, kotulukira m'mano.

Ndinaona khosi la mkazi wanga likutupa mitsempha. Ndinafuna kumugwira paphewa koma sizololedwa. Anayang'ana bolodi nthawi yaitali, kenako anatenga hatchi yake n'kuimenyetsa pa poni ya pafupi ndi mfumu ya alamu. Anaipereka dala kuti atsegule njira. A Positi, amene anaima pambali panga, anatseka maso n'kupukusa mutu.

Alamu anaidya hatchiyo mosafulumira. Mkazi wanga anabweretsa kwini, anaopseza uku, anaopseza uko, koma asilikali omuthandiza anali atatha. Mfumu ya alamu inangosuntha pang'ono n'kubisala. Patapita kanthawi analibenso choponya. Anagoneka mfumu yake pa bolodi.

Zikanathera pomwepo, bwenzi lero tikudyera limodzi. Kugonja ndi gawo la masewera, ndipo njira imene alamu anasankha ndi yololedwa. Koma iwo anaimirira, anakonza kolala, n'kuitana anthu kuti asendere.

"Bwerani muone, achinyamata, muphunzirepo. Izi ndi zimene ndimanena. Munthu wopanda mabuleki sufunika kumugunda, umangomupatsa mpata, amakadzigwetsa yekha m'ngalande." Anabwezeretsa hatchi ija pa bolodi kuti aonetse bwino. "Mlongo wangayu ndamudziwa kuyambira ali wa mamina. Mutu ali nawo, koma mtima ndi wa amayi a pamsika. Ndiye mumafuna tikachite manyazi kwa eni ake?"

Wa ku famase anaseka mokweza. Ena anayang'ana pansi.

"Alamu," ndinatero, "mwawina, sizikukwanirani? Munthu mwamuthawa masana dzuwa likuswa mtengo, ndiye mukufuna mumuvulenso pagulu?"

"Alamu, izi si za malole. Khalani pambali."

Mkazi wanga anaimirira. Chibadwire sanawatchulepo achimwene ake kuti iwe. Tsiku limenelo anatero.

"Iwe," anati, "ndiwe wamantha. Unali wamantha tili ana, umasewera ndi ine chifukwa anyamata anzako ankakumenya. Lero wabisala kuseri kwa kaponi ngati khoswe, ndiye ukuti kudekha? Dzuka pampando wangawo."

"Ndaimirira kale."

"Ndiye suntha."

Anatsegula chikwama chake n'kutulutsa kachitsulo kozulira misomali, kamene sikachoka m'chikwamamo. Anagubuduza mpando wa alamu miyendo m'mwamba, n'kuyamba kuzula. Ndi ntchito imene amaidziwa. Misomali inkangoti thu, thu, kugwera pa simenti. Nsalu inachoka, siponji inachoka, linatsala thabwa long'aluka lija.

"Wapenga kodi? Ndi katundu wa sukulu ameneyu!"

"Thabwali ndi la sukulu. Nsaluyi ndi yanga. Bambo wa mankhwala, dzukani."

Wa ku famase anadzuka ngati wakhalira moto. Anthu anaimirira mmodzimmodzi, kutsamira makoma pansi pa zikwangwani zija. Palibe anamugwira dzanja. A Positi ananyamula mpando wawo okha n'kukamuikira patsogolo, n'kuugubuduza kuti asavutike. Alamu ankangozungulira akuti ndiitana apolisi, ndiitana apolisi, foni ili m'manja osaimba. Ine ntchito yanga inali yopinda nsalu ndi kuunjika siponji. Titamaliza tinasenza mitolo yathu, iye patsogolo ine pambuyo, kudutsa mumsewu anthu akutiyang'ana. Sanalire. Anadzalira titafika ku shopu, atakhala pa mulu wa siponjiwo, ndipo kunali kulira kokukuta mano.

Uthenga unabwera kudzera kwa akazi awo a alamu: asadzapondenso ku kalabu. Mkazi wanga anayankha kuti akawauze kuti asadere nkhawa, matako ake sakhala pa thabwa.

Timu inapita. Ndikanakonda ndikanakuuzani kuti inakagwa chagada, koma ayi. Inabwera ili yachiwiri, zimene kalabuyo inali isanachitepo, ndipo wa ku famase analepherana magemu ake onse osagonja ngakhale imodzi. Alamu anayenda ndi nkhani imeneyi kwa achibale onse. Azakhali ena anabwera kudzatiuza kuti chibale ndi fupa sichiwola, mkazi wanga akapepese kwa mkulu wake. Mkazi wanga anawafunsa kuti, "Nanga iwo mwawauza akapepese kwa ndani?" Azakhaliwo anamwa tiyi wawo n'kunyamuka.

Panopa pakhonde la shopu pali tebulo ndi bolodi. A Positi amabwera masana ambiri, anyamata a matayala anaphunzira, ndipo ena a ku kalabu amazemba n'kudzasewera, akumayang'ana kumsewu kuopa galimoto ya sukulu. Mkazi wanga ndi mchimwene wake amakumana pa zochitika za banja. Moni amapatsana, wa mawu awiri, aliyense akuyang'ana kwina.

Ine ndinkaganiza kuti chimene chimamudya ndi chipongwe cha alamu. Tsiku lina tikuchokera kogula nsalu anandiuza kuti ayi.

"Achimwene ndi mmene alili, sadzasintha. Chimene chimandinyansa ndi hatchi ija. Anandiitana kuti bwera udzadzigwetse, ine n'kupitadi. Pa bolodi paja panali njira ina, yoyenda pang'onopang'ono, ndinaiona. Koma ndinkafuna kuwaphwanya pakamwa pomwepo."

Kuyambira pamenepo anayamba kuphunzira zochita munthu akakana ndewu. Koma pamafunika wina womukanira, ndipo a Positi amati iwo ndi okalamba, sangataye masiku awo otsala akusewera zogonetsa tulo. Ndiye ntchitoyo inagwera ine. Lamlungu masana, tsiku langa lopuma, amandikhazika pa zoyera, n'kundiuza zoti ndikankhe: poni ya kwini, inzake, kenako kaponi ka mfumu kasitepe kamodzi. Ndikatero nkhope yake imasintha, ngakhale akudziwa kuti ndi ine, mwamuna wake, amene wandituma yekha.

Lamlungu lapitali ndinaona kuti watopa, sabata yonse anali pa masofa a hotela ina. Ndinasiya dala bishopu wanga poti adye, kuti tithe msanga akapume. Anandiyang'ana, n'kubwezera bishopuyo pamalo pake.

"Bambo a ana, mukuyesa sindikuona? Musandimvere chisoni ine. Sewerani ngati munthu wofuna kundimana kanthu."

"Mayi, ine ndine dalaivala."

"Ndiye ganizani. Nthawi ilipo, sindikuthamangira kulikonse."

Ndinaganiza mpaka mutu unatentha. Anandimenyabe, koma zinamutengera masana onse, ndipo sanataye kanthu mwa mkwiyo. Titamaliza anati tiyambirenso.